Mudalipira kale: zida zopulumutsa moyo zomwe zikungogona m'galimoto zathu

Sabata iliyonse, mdipiti wa galimoto za nambala ya IT umalowa m'dziko muno pa chipata cha Songwe, kudutsa Karonga, kukwera mapiri a Chiweta, n'kukabalalikira ku Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre. Ndi ma Sienta, ma Vitz, ma Mira, ma Fit, ma Note ndi ma Aqua omwe adatsika sitima pa doko la Dar es Salaam atatumikira kale zaka zingapo m'misewu ya ku Japan. Mwini galimoto akailandira, mafunso ake amadziwika: imamwa mafuta bwanji, masipeya ake amapezeka, nanga tsiku lodzaigulitsa idzabweza zingati? Ndi ochepa amene amafunsa kuti zinthu zitathina pamsewu, galimotoyo ingawachitire chiyani.

Chonsecho yankho lili pafupi ndi bondo lamanja la dalaivala, pomwe pamakhala mzere wa mabatani omwe ambirife sitiwakhudza, komanso m'tinyali tomwe timayaka pa dashibodi tikaliza injini. Buku lofotokoza zonsezi limabwera m'Chijapani, ngati labwera n'komwe. Motero kanyali kakayaka timangokazolowera, kabelu kakalira timathamangira kwa makaniko kuti akatseke pakamwa. Zida zomwe mtengo wake uli m'kati mwa ndalama tidatumiza ku Japan ija zimangogona, zina n'kuphedwa dala.

Mu 2023 bungwe la WHO lidalengeza kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse, ndipo 92 mwa 100 alionse amafera m'maiko osauka ndi omwe akukwera kumene. Kwa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, msewu ukupha kuposa matenda aliwonse. Nalo bungwe la UNEP lidapeza kuti pakati pa 2015 ndi 2018, Ulaya, America ndi Japan adatumiza kunja galimoto zakale zokwana 14 miliyoni, ndipo 40 mwa 100 zilizonse zidabwera ku Africa.

Koma ukale wa galimoto paokha si mlandu. Mu 2018 bungwe la Global NCAP, mogwirizana ndi AA ya ku South Africa, lidayesa Nissan NP300 Hardbody yatsopano yogulitsidwa kuno ku Africa poiombetsa dala, ndipo sidapeze nyenyezi ngakhale imodzi pa chitetezo cha akuluakulu. Mu 2020 adaiombanitsa ndi Navara ya 2015 yomwe idayenda kale ku Ulaya. Yatsopanoyo ndiyo idafwanyika moti dalaivala wake sakadapulumuka, pomwe wa yakaleyo akadatuluka akuyenda. Choncho kagalimoto kanu ka zaka khumi kangathe kukhala ndi chitetezo chabwino ndithu. Nkhani yagona pa kudziwa chomwe chilimo, ngati chikugwirabe ntchito, ndi pomwe mphamvu zake zimathera.

Zonse zimayambira pa lamba

Lamba wodutsa paphewa ndi m'chiuno yemwe timamudziwayu adamukonza Nils Bohlin, injiniya wa kampani ya Volvo ku Sweden, ndipo adayamba kuikidwa m'galimoto mu 1959. Volvo idalola makampani ena kumugwiritsa ntchito osalipira kanthu. WHO imati lamba amachepetsa chiopsezo cha imfa pafupifupi ndi theka kwa okhala kutsogolo.

Galimoto ikaomba chinthu ikuthamanga makilomita 50 pa ola, iyo imaima koma thupi la munthu wosamanga lamba limapitirira ndi liwiro lomwelo mpaka litapeza choliimitsa: chiwongolero, galasi, kapena mutu wa yemwe wakhala kutsogolo kwake. Mphamvu yake ndi yofanana ndi ya munthu wogwa kuchokera pamwamba potalika mamita 10. N'chifukwa chake wakumbuyo wosamanga lamba amaika pachiswe wakutsogolo yemwe wamanga.

Pali chizolowezi chomwe chafala pakati pa madalaivala: kumanga lamba pampando wopanda munthu n'kumukhalira kuti kabelu kasiye kulira, kenako kumukokera paphewa akaona apolisi pa rodibuloko. Apolisi anganamizike, koma malamba a masiku ano ali ndi kachida komwe ngozi ikangoyamba kamakoka lamba mwamphamvu kuti agwire thupi. Lamba akakhala kumsana, kachidako kamagwira mpando basi. Mbali ya m'munsi ya lamba idutse pa mafupa a m'chiuno, osati pamimba, ndipo kwa mayi woyembekezera idutse kunsi kwa mimba. Chotsamira mutu nachonso si chokongoletsera mpando. Nsonga yake ilingane ndi pamwamba pa mutu wanu, chifukwa ndicho chimateteza khosi wina akakuombani kumbuyo.

Airbag ndi kanyali kake

Airbag idapangidwa kuti izithandizana ndi lamba, osati kulowa m'malo mwake. Imafufuma pa liwiro lofika makilomita 300 pa ola, ndipo munthu wosamanga lamba amakumana nayo isanamalize kufufuma, n'kumenyedwa m'malo motetezedwa. Pakati pa chifuwa ndi chiwongolero pazitsala masentimita 25 kapena kuposera apo. Wokhala kumanzere asasanjike mapazi pa dashibodi, pakuti airbag ikaphulika mawondo amakankhidwira kumaso. Kapeti waubweya, mabotolo a perefyumu ndi tizidole tomwe timayala pamenepo zimasanduka zida zovulaza. Ngati m'mbali mwa mpando mwalembedwa kuti SRS AIRBAG, chovundikira mpando chosokedwa mothina chikhoza kutchinga airbag ya m'mbaliyo.

Kuyesa ngati zonse zili bwino n'kosavuta. Mukatembenuza kiyi kapena kudina batani injini isanalire, pa dashibodi payake kanyali kofiira kosonyeza munthu wokhala pampando ndi mpira patsogolo pake. Kayake kwa masekondi angapo, kenako kazime. Kakapitirira kuyaka, ndiye kuti pali vuto ndipo ma airbag akhoza osaphulika pa ngozi. Kakapanda kuyaka n'komwe, chenjerani kwambiri, chifukwa alipo ogulitsa opanda chilungamo omwe amachotsa babu kapena kulumikiza mawaya mwachinyengo kuti abise zoti airbag idaphulika kale ndipo m'chiwongolero mulibe kanthu. Airbag imagwira ntchito kamodzi kokha.

Palinso nkhani ya kampani ya Takata ya ku Japan, yomwe ma airbag ake adaikidwa m'galimoto za Honda, Toyota, Nissan, Mazda, Subaru ndi zina. Mankhwala ophulitsira omwe kampaniyi inkagwiritsa ntchito, a ammonium nitrate, amaonongeka akakhala zaka zambiri potentha ndi pachinyezi, ndipo amatha kuphulika mopitirira muyezo n'kumwaza tizitsulo kumaso kwa anthu. Ma airbag pafupifupi 100 miliyoni padziko lonse adaitanidwa kuti akasinthidwe, ndipo kampaniyo idagwa mu 2017. Kwa amene amakhala ku Nsanje, Chikwawa, Mangochi, Salima kapena Karonga, kutentha ndi chinyezi ndi zatsiku ndi tsiku. Makampani opanga galimoto ku Japan ali ndi masamba a pa intaneti pomwe mukalemba nambala ya chassis mumaona ngati galimoto yanu idaitanidwapo, ndipo foni ikhoza kukumasulirani zolembedwazo.

Buleki ikanjenjemera, musachotse phazi

Madalaivala akale adaphunzitsidwa kupopa buleki poterera kuti matayala asamangike. Ntchito imeneyi idatengedwa ndi ABS, yomwe Mercedes-Benz ndi Bosch adayamba kuika m'galimoto mu 1978. Masensa amayang'anira tayala lililonse, ndipo lina likafuna kumangika, kompyuta imalimasula n'kuligwiranso kangapo pa sekondi imodzi. Dalaivala amamva chopondera chikunjenjemera kuphazi ndi kaphokoso kokukuta. Ambiri amadzidzimuka n'kuchotsa phazi poganiza kuti china chathyoka, pomwe apo ndi pamene ABS yayamba ntchito. Pondani mwamphamvu, musachotse phazi, ndipo wongolerani komwe mukufuna kupita, chifukwa phindu lake lalikulu n'lakuti chiwongolero chimamverabe. Pa msewu wafumbi kapena wamiyala, galimoto ya ABS imatha kuima patali kuposa momwe mumayembekezera, choncho siyani mpata wokwanira. N'kwanzeru kukayesa pabwalo lopanda anthu, pa liwiro la makilomita 30 pa ola, kuti phazi lizolowere tsiku la tsoka lisanafike.

Pa ABS padamangidwa chida china chomwe chimaletsa galimoto kuzungulira ikatsetsereka. Toyota amachitcha VSC, Honda VSA, Nissan ndi Subaru VDC, Mazda DSC, pomwe Suzuki ndi makampani ambiri a ku Ulaya amati ESP. Chidayamba mu 1995, koma chidatchuka mu 1997 pamene Mercedes-Benz A-Class yatsopano idagubuduzika ku Sweden poyesedwa kukhota mwadzidzidzi ngati ikuzemba nyama yotulukira mumsewu. Kampaniyo idachita manyazi n'kuika chidachi m'galimoto zonse za mtunduwo. Kuno kwathu chotulukira mumsewucho ndi mbuzi, mwana kapena wakabaza. Mukakhotetsa mwadzidzidzi, kompyuta imafananiza komwe chiwongolero chaloza ndi komwe galimoto ikupitadi, ndipo zikasiyana imamanga buleki pa tayala limodzi n'kuchepetsa moto wa injini kuti ibwerere pamzere. Japan idayamba kukakamiza chidachi mu 2012, choncho galimoto zing'onozing'ono zambiri zopangidwa chakachi chisanafike zilibe.

Chizindikiro chake ndi kagalimoto kokhala ndi mizere iwiri yokhotakhota kumbuyo. Kakamaphethira mukuyenda, chidacho chikugwira ntchito, ndipo ndi chenjezo loti mwathamanga kuposa momwe msewu ukulolera. Kakayaka osazima, pali vuto. Batani lozimitsira lili ndi nthawi yake: mukatitimira m'matope m'dzinja, kompyuta imadula moto tayala likamazungulira pachabe, ndiye kudina batanilo kumathandiza kuti mutulukemo. Mukafika pouma, liyatseninso.

Potsika Khwekhwerere, Chiweta kapena mapiri opita ku Chikwawa, musadalire buleki yokha. Ikatenthedwa imasiya kugwira. Zilembo za B, L, S kapena 2 pa giya zidaikidwa kuti injini izithandiza kugwira galimoto pamtsetse. Kuika giya pa N pofuna kupulumutsa mafuta ndi kudzitchera msampha.

Zonsezi zimadalira matayala, chifukwa galimoto imakhudza msewu pa malo anayi okha, aliwonse aakulu ngati chikhatho. Galimoto zina zimabwera ndi matayala olembedwa STUDLESS, omwe adapangidwira chipale cha ku Japan. Labala wake ndi wofewa, ndipo pa tala wotentha kapena wonyowa galimoto imachedwa kuima. Yang'ananinso manambala anayi omwe ali m'mbali mwa tayala: 2318 akutanthauza sabata ya 23 m'chaka cha 2018. Tayala likhoza kukhala ndi mano ooneka bwino koma labala atauma ndi ukalamba.

Maso omwe adaphunzira misewu ya ku Japan

Kuseri kwa galasi loonera kumbuyo, galimoto zambiri zomwe zikubwera masiku ano zili ndi kabokosi ka kamera kapena laser. Zina zili ndi radar kuseri kwa chizindikiro cha kampani kutsogolo. Amenewa ndi maso a buleki yodzimanga yokha. Subaru idabweretsa EyeSight mu 2008, Daihatsu idabweretsa Smart Assist mu 2012, ndipo Toyota Safety Sense idayamba mu 2015. Galimoto ikaona kuti mukuyandikira chinthu mofulumira imalira, ndipo mukapanda kuchitapo kanthu imamanga buleki. Bungwe la IIHS la ku America lidapeza kuti chidachi chimachepetsa ngozi zoomba galimoto ina kumbuyo pafupifupi ndi theka.

Japan idalimbikira zida zimenezi chifukwa cha vuto lake: madalaivala okalamba ndi ochuluka, ndipo ena amaponda moto poganiza kuti akuponda buleki. Mu April 2019, ku Ikebukuro mumzinda wa Tokyo, dalaivala wa zaka 87 adachita zimenezi n'kupha mayi ndi mwana wake wamkazi wa zaka zitatu, nkhani yomwe idagwedeza dziko lonselo. Kuyambira November 2021, mitundu yatsopano ya galimoto zopangidwa ku Japan imayenera kukhala ndi buleki yodzimanga yokha. N'chifukwa chakenso ka Mira kanu kamakana kunyamuka, n'kumalira, mukaponda moto mwamphamvu kutsogolo kuli khoma kapena geti. Sikadaonongeke, kakuganiza kuti mwasokoneza zopondera.

Koma maso amenewa ali ndi malire, ndipo apa m'pamene munthu angadzinamize. Smart Assist yoyambirira imagwira ntchito pa liwiro la makilomita 4 mpaka 30 pa ola basi, ndipo imaona galimoto, osati munthu. Toyota Safety Sense C ya 2015, yomwe ili m'ma Vitz, Aqua, Sienta ndi Axio ambiri, imagwira pakati pa makilomita 10 ndi 80 pa ola, ndipo nayo sidapangidwe kuti iziona oyenda pansi. Ngakhale zida zomwe zimaona anthu zimavutika mumdima. Bungwe la AAA la ku America litaziyesa mu 2019 lidapeza kuti usiku sizinkathandiza. Tsono taganizirani msewu wa M1 madzulo a tsiku la msika: njinga yopanda nyali itanyamula matumba a makala, ngolo, anthu ovala zakuda m'mphepete mwa tala. Akatswiri omwe adakonza zidazi sadali kuganiza za zimenezo.

Chimodzimodzi chida chochenjeza mukamatuluka mumzere wanu. M'galimoto za Toyota chimayamba kugwira ntchito liwiro likapitirira makilomita 50 pa ola, ndipo chimadalira utoto wa pamsewu. Pomwe mizere idafufutika kapena m'mphepete mudadyeka, chimakhala chete, ndipo kukhala chete kwakeko sikutanthauza kuti muli pabwino. Chikalira kawirikawiri pa msewu wa mizere yooneka bwino, mwina chikukuuzani kuti tulo tayamba kukuberani kapena mukukhota osayatsa indiketa.

Maso a galimotowa afunika kuwasamala. Fumbi, matope ndi mvula yamphamvu zimawachititsa khungu. Zomata za COF ndi inshuwalansi zisatchinge kamera. Galasi lakutsogolo likasweka n'kuikidwa lina, kamera imafunika kuyikonzanso ndi makina kuti iloze poyenera, ndipo funsani ngati galaja ili nawo makinawo musanapereke galimoto. Zitsulo zowotcherera kutsogolo kwa bampala zimatha kutchinga radar komanso kusokoneza nthawi yomwe airbag imayenera kuphulika. Kamera yoonera kumbuyo nayo imaonetsa mbali chabe. Musanabwerere m'mbuyo pakhomo pomwe pali ana, zungulirani galimoto kaye.

Sikuti chilichonse cholira m'galimoto ndi chenjezo la ngozi. Mawu a mayi wolankhula Chijapani mukangoliza injini nthawi zambiri amachokera ku kabokosi ka ETC, komwe ku Japan amalipirira misewu, ndipo amangodandaula kuti mulibe khadi. Pa zipata zolipirira msewu za Chingeni ndi Kalinyeke kabokosiko kalibe ntchito, choncho kuchotsa sikulakwa. Chofunika n'kudziwa chomwe chikulira musanalamule kuti adule waya. Safunsa adadya phula.

Ana kumbuyo

Mwana wolemera makilogalamu 10 ali pamiyendo ya mayi ake, galimoto ikaomba pa liwiro la makilomita 50 pa ola amakoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 300. Palibe mikono yomwe ingamugwire. Kuyambira July 2012, galimoto zatsopano ku Japan zimayenera kukhala ndi ISOFIX, tizitsulo tiwiri tobisika pomwe chokhalira cha mpando wakumbuyo chimakumana ndi chotsamira, tomwe timagwira mpando wa mwana molimba. Pisani dzanja pamenepo, mukhoza kutipeza. Mpando wa khanda woyang'ana kumbuyo usaikidwe kutsogolo komwe kuli airbag, ndipo ana osakwana zaka 12 malo awo ndi kumbuyo. M'mphepete mwa chitseko chakumbuyo muli kabatani kotsekera kuti chisatseguke m'kati, ndipo pa chitseko cha dalaivala pali batani loletsa ana kuseweretsa mawindo.

Kutchinga akuba

Galimoto zambiri zili ndi immobiliser: m'mutu wa kiyi muli kachipangizo komwe kompyuta imakazindikira, ndipo popanda iko injini siilira ngakhale kiyi atasulidwa mofanana. Germany ndi Britain adaika lamulo la chidachi mu 1998, koma si galimoto zonse za ku Japan zomwe zili nacho. Ngati mudalandira kiyi mmodzi yekha, konzetsani wina woyambayo akadalipo, chifukwa onse akasowa mtengo wake umakwera kwambiri. Batire la rimoti likatha, m'kati mwake muli kakiyi kachitsulo kotsegulira chitseko, ndipo mukagunditsa rimotiyo pa batani lolizira mutaponda buleki, injini imalira.

Akuba nawo sakugona. Ku Japan ndi ku Ulaya amagwiritsa ntchito makina okoka siginolo ya kiyi yemwe ali m'nyumba n'kuifikitsa pa galimoto yomwe ili panja. Kusunga kiyi m'kachitini kachitsulo kutali ndi chitseko kumatchinga njira imeneyi. Makiyi ambiri a Toyota a zaka zaposachedwa amathanso kugonetsedwa: gwirani batani lokhomera, dinani lotsegulira kawiri, ndipo kanyali kakaphethira kanayi ndiye kuti wagona mpaka mutadinanso batani lililonse. Ku South Africa kudafala kuba kotchinga siginolo ya rimoti pamalo oimika galimoto, mwini n'kuchoka akuganiza kuti wakhoma. Mankhwala ake ndi kukoka chitseko musanachoke. Tracker imathandiza kupeza galimoto yobedwa, koma iikidwe ndi wodziwa, chifukwa mawaya odulidwa mwachisawawa amabweretsa mavuto ena, ngakhale moto. Loko wa chiwongolero, wachikale uja, akadali wothandiza chifukwa amaoneka, ndipo wakuba sakonda zomuchedwetsa.

Pogula ndi pokonzetsa

Musanatumize ndalama, pemphani pepala la okushoni. Chilembo cha R kapena RA chimasonyeza kuti galimotoyo idachitapo ngozi n'kukonzedwa. Funsani ngati ili ndi VSC ndi ma airbag a m'mbali, chifukwa galimoto ziwiri za dzina limodzi ndi chaka chimodzi zikhoza kusiyana pa zimenezi. Ikafika, ipititseni kwa makaniko yemwe ali ndi kompyuta yowerengera zolakwika, ndipo musalole kuti kanyali kazimitsidwe vuto lisanapezeke. Lozani kamera ya foni pa buku la Chijapani lija kuti ikumasulireni. M'buti mukhale matirayango, chifukwa nthambi zomwe timayala pamsewu galimoto ikafa sizioneka usiku.

Sukulu zophunzitsa kuyendetsa galimoto, ogulitsa galimoto ndi nthambi ya boma ya DRTSS ali ndi gawo lawo. Wophunzira asamalandire laisensi asanamvepo ABS ikunjenjemera kuphazi, ndipo galimoto yomwe kanyali ka airbag kakuyaka isamaonedwe ngati yabwinobwino popima COF.

Komabe pa liwiro la makilomita 100 pa ola, galimoto imayenda mamita 28 pa sekondi iliyonse, ndipo palibe kompyuta yomwe ingafupikitse mtunda umenewo dalaivala ali pa foni kapena atalawako. Gawo lalikulu la anthu omwe amafa m'misewu ya dziko lino ndi oyenda pansi ndi okwera njinga, omwe alibe lamba, airbag kapena chitsulo chowazungulira. Zida zambiri zomwe tafotokozazi zimateteza inu amene muli m'kati. Amene ali kunja akudalira liwiro lomwe mwasankha podutsa pa msika, pa sukulu ndi pa siteji.